Moto wa ku Wales ndi Nkhuni Zake

  

Lero sindilalikira monga mwa masiku onse. Ndikufuna ndikufotokozereni mbiri ya mipingo ya kudziko lina lakutali lotchedwa Wales. Wina afunsa kuti, "Abusa, za ku Wales zitikhudza bwanji ife olima soya ndi kachewere?" Dikirani, m'bale wanga. Tikamafika kumapeto muona kuti moto umene timaotha m'mipingo yathu ya Chipentekoste, wina tinakaupala kumeneko. Muonanso kuti kumene tinakapala motoko lero kwatsala phulusa lambiri, ndipo chimenechi ndi chimene chandisowetsa tulo.

Mawu otitsogolera ali pa Levitiko 6:12-13. Mukawerenge nokha. Pamenepo Mulungu akulamula kuti moto wa paguwa usazime, ndipo akupereka ntchito kwa wansembe yoti aziikapo nkhuni m'mawa uliwonse. Moto ndi wa Mulungu, koma kutola nkhuni anakusiya m'manja mwa anthu.

Dziko lake

Wales ndi kadziko kakang'ono kamene kali kumadzulo kwa England. Kukula kwake sikufika ngakhale pa chigawo chathu chapakati chino, ndipo anthu ake angopitirira pang'ono 3 miliyoni. Ndi dziko la mapiri, la nkhosa, la mvula ndi chisanu. Inu a ku Dedza mukudziwa mmene kumakhalira mu June, chifunga chitakuta phiri la Chongoni. Kumenekonso kumakhala choncho nthawi yaitali. Anthu ake ali ndi chiyankhulo chawochawo chosiyana kotheratu ndi Chingerezi, ndipo kale ambiri ankagwira ntchito m'migodi ya malasha.

Chikhristu chinafika kumeneko kalekale, m'nthawi ya ulamuliro wa Aroma. M'zaka za m'ma 500 kunali mlaliki wina dzina lake David, amene mpaka lero amamukumbukira pa 1 March chaka chilichonse. Koma kwa zaka mazanamazana mapemphero ankachitika m'Chilatini. Kenako England itapatukana ndi Roma, mapemphero anayamba kuchitika m'Chingerezi. Munthu wamba woweta nkhosa sankamva Chilatini, sankamvanso Chingerezi. Ankalowa m'tchalitchi, kukhala, kutuluka, osatolapo kanthu.

Chikuni choyamba: Baibulo m'chiyankhulo cha amayi

M'chaka cha 1563 nyumba ya malamulo inalamula kuti Baibulo limasuliridwe m'chiyankhulo cha anthu a ku Wales. Chipangano Chatsopano chinatuluka mu 1567, ndipo mu 1588 wansembe wina wa mpingo wa Anglican, William Morgan, anatulutsa Baibulo lonse. Linali buku lalikulu lokhala m'tchalitchi mokha. Mu 1630 ndi pamene panatuluka laling'ono loti munthu angathe kugula ndi kusunga m'nyumba.

Pasanapite nthawi anthu ena amene ankawerenga Baibulolo anayamba kuona kuti mpingo wa boma wazizira. Mu 1639 pamudzi wa Llanfaches panayamba mpingo woyamba woima pawokha, ndipo mu 1649 John Miles anayambitsa mpingo wa Baptist ku Ilston. Anthu amenewa anazunzika. Ena anawalipiritsa chindapusa, ena anawatsekera m'ndende, ena ankapemphera mobisala m'makola ndi m'mapanga, kufikira lamulo la 1689 linawapatsa mpata wopembedza poyera.

Komabe panali vuto limodzi. Baibulo lilipo, koma anthu ambiri sadziwa kuwerenga. Kuli ngati kupatsa munthu thumba la feteleza chonsecho alibe munda.

Chikuni chachiwiri: sukulu zoyendayenda

Apa Mulungu anadzutsa m'busa wina wa kumudzi, Griffith Jones, wa ku Llanddowror. Bamboyu m'zaka za m'ma 1730 anayamba sukulu zoyendayenda. Mphunzitsi ankafika pamudzi, kukhalapo pafupifupi miyezi itatu m'nyengo imene ntchito za kumunda zachepa, kuphunzitsa ana masana ndi akuluakulu usiku, kenako n'kusamukira pamudzi wina. Buku lophunzirira linali Baibulo lomwelo. Pamene Griffith Jones ankamwalira mu 1761, anthu oposa 150,000 anali atadutsa m'sukulu zimenezi, m'dziko limene anthu ake panthawiyo sankafika ndi theka la miliyoni.

Taonani dongosolo la Mulungu, abale anga. Anthu atayamba kuwerenga, moto unagwa. Mu 1735 mnyamata wina mphunzitsi, Howell Harris, anatembenuka mtima ku Talgarth. Chaka chomwecho Daniel Rowland wa ku Llangeitho anakhudzidwanso. Harris ankalalikira m'misika, m'minda ndi m'makomo, ndipo nthawi zina ankamugenda. Kwa Rowland anthu ankayenda pansi masiku angapo kudzamva Mawu ndi kudya mgonero. Mnzawo William Williams wa ku Pantycelyn analemba nyimbo zoposa 800, zina mwa izo zikuimbidwabe m'ziyankhulo zambiri padziko lapansi. Otembenuka mtima ankawaika m'timagulu ting'onoting'ono tokumana mlungu uliwonse, aliyense n'kumafotokoza mmene akuyendera ndi Ambuye. Lero timati maselo kapena milaga, koma nzeruyo ndi yakale.

Anthu amenewa anakhalabe mu mpingo wa Anglican zaka zambiri, mpaka mu 1811 pamene anadzoza abusa awoawo ndi kuima paokha. Mpingo umenewo lero umatchedwa Presbyterian Church of Wales. Pa chiphunzitso ndi kayendetsedwe ndi abale awo a CCAP amene tili nawo kuno.

Mtsikana amene anayenda ulendo wa Baibulo

Tsopano tamverani nkhani iyi, makamaka inu achinyamata. Mtsogoleri wina wa gululi, Thomas Charles wa ku Bala, analimbikitsa Sande sukulu ya anthu onse. Kumeneko Sande sukulu sinali ya ana okha ayi. Agogo a imvi ankakhala pagulu, kuwerenga vesi ndi vesi, kufunsana ndi kutsutsana mpaka amvetse.

Mu 1800 kunali mtsikana wa zaka 15, Mary Jones, wa m'banja losauka. Anaphunzira kuwerenga, koma kwawo kunalibe Baibulo. Anasunga timakobiri zaka zisanu ndi chimodzi, kenako anayenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kudutsa m'mapiri kupita ku Bala kukagula Baibulo kwa Thomas Charles. Mtunda umenewo ukuposa wochoka pano pa Chimbiya kukafika pa Dedza boma. Njala ya Mawu imene Thomas Charles anaiona mwa anthu ngati mtsikanayu anakaifotokoza ku London, ndipo mu 1804 kunakhazikitsidwa bungwe la British and Foreign Bible Society loti lizifalitsa Baibulo padziko lonse.

Kodi mukudziwa kuti bungwe limenelo, pamodzi ndi linzake la ku Scotland, ndi amene anasindikiza Buku Lopatulika lathu la Chichewa mu 1922? Ntchito yomasulira inatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ija ya ku Mvera ndi ku Nkhoma, pafupi ndi ife pompano, mothandizana ndi Amalawi amene ankadziwa bwino chiyankhulo chathu. Ndiye mukagwira Baibulo lanu usiku uno, dziwani kuti mapazi a mtsikana uja ali ndi gawo pa buku limenelo. Aleluya!

Dziko la matchalitchi

M'zaka za m'ma 1800 Wales inadzaza ndi nyumba zopemphereramo. Pamudzi umodzi pankatha kukhala ya Methodist, ya Baptist, ya oima paokha ndi ya Wesleyan, kuwonjezera pa tchalitchi cha Anglican. Kalembera wa opembedza wa 1851 anaonetsa kuti mwa anthu asanu alionse amene anapita kukapemphera tsiku limenelo, pafupifupi anayi anapita ku mipingo imene sinali ya boma. Mu 1859 kunagwanso chitsitsimutso china chachikulu kudzera mwa Humphrey Jones ndi Dafydd Morgan. Chaka chimenecho ndi chomwe David Livingstone anafika pa nyanja yathu ino, ndiponso m'chaka chomwecho mmishonale wa ku Wales, Thomas Morgan Thomas, anali m'gulu limene linatsegula mishoni ya Inyati pakati pa Andebele ku Zimbabwe.

Kadziko kameneka kanatumiza ana ake kutali. David Jones ndi Thomas Bevan anapita ku Madagascar mu 1818. Thomas Jones anapita ku mapiri a Khasi ku India mu 1841. Robert Jermain Thomas anaphedwa ku Korea mu 1866 akugawa Mabaibulo. Ndipo ife tomwe tinapondako. M'busa wina wa Baptist, William Hughes, atabwerera kuchoka ku Congo anatsegula sukulu yophunzitsa achinyamata a ku Africa m'tauni ya Colwyn Bay. Mmodzi mwa amene anaphunzira kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anali Peter Nyambo wa ku Ntcheu, amene anapita ku Britain ndi Joseph Booth. Mu 1906 Nyambo anapita ku Kenya kukathandiza kutsegula ntchito ya mpingo wa Adventist. Mwana wa kwathu kuno, woyandikana nafe boma, anayenda m'misewu ya Wales m'masiku amene ndikufuna kukuuzani tsopano.

Chaka cha 1904

Mu February 1904, pa msonkhano wa achinyamata m'tauni ya New Quay, mtsikana wina, Florrie Evans, anaimirira ndi kunena poyera kuti amakonda Ambuye Yesu ndi mtima wake wonse. Basi, mawu ochepa chabe. Koma anthu anayamba kulira, ndipo kamoto kanayamba pamenepo.

Panali mnyamata wina wa ku Loughor, Evan Roberts, wa zaka 26. Analowa mumgodi wa malasha ali kamnyamata, kenako anaphunzira ntchito yosula zitsulo. Ankapita ndi Baibulo lake pansi pa mgodi, ankaphunzitsa Sande sukulu, ndipo anakhala akupempherera chitsitsimutso zaka zoposa khumi. Mu September 1904 pa msonkhano wa ku Blaenannerch anamva mlaliki Seth Joshua akupempha Mulungu kuti aweramitse anthu ake. Pemphero limenelo linamulasa, ndipo anagwada akulira kuti Mulungu ayambe ndi iyeyo.

Pa 31 October anabwerera kwawo ku tchalitchi cha Moriah. Amene anatsalira kuti amumvere anali anthu 17 okha. Uthenga wake unali wa mfundo zinayi: ulula tchimo lililonse limene ukulidziwa, chotsa chilichonse chokayikitsa pa moyo wako, mvera Mzimu Woyera msanga, ndipo vomereza Khristu poyera. Sanalonjeze galimoto. Sanalonjeze ulendo wa ku Joni. Sanagulitse mafuta kapena madzi. Patangotha milungu iwiri, anthu ankachezera m'tchalitchimo mpaka mbandakucha, ndipo nyuzipepala zinayamba kulemba.

Pasanathe chaka, anthu pafupifupi 100,000 anali atatembenuka mtima. Olemba mbiri amasimba kuti malo omwera mowa anasowa anthu, amene anali ndi ngongole zakale anakabweza, amene sankalankhulana anagwirana chanza, ndipo m'madera ena oweruza ankafika kukhoti n'kupeza palibe mlandu. Pansi pa migodi anthu ankayamba ntchito ndi pemphero. Imasimbidwanso nkhani yoti akavalo okoka ngolo za malasha anasokonezeka, chifukwa anazolowera kulamulidwa ndi mawu otukwana, ndiye eni ake atasiya kutukwana akavalo aja sankamvanso. Mukuseka eti? Koma ndifunse: ng'ombe zanu za pangolo zikudziwa kuti munabadwa mwatsopano?

Mmene motowo unafikira kwathu

Mbiri ya ku Wales inamveka padziko lonse. M'busa wina wa Baptist wa ku Los Angeles ku America, Joseph Smale, anapita kukaona yekha, ndipo atabwerera anayambitsa mapemphero a tsiku ndi tsiku. Mlaliki wina wa mumzinda womwewo, Frank Bartleman, ankalemberana makalata ndi Evan Roberts kupempha kuti awapempherere. Mu April 1906, mumzinda womwewo, pa Azusa Street, Mzimu anatsanulidwa pa gulu lotsogozedwa ndi William Seymour, mwana wa anthu amene anali akapolo, ndipo anthu analankhula malilime. Mu 1908 John G. Lake ndi Thomas Hezmalhalch anafika ku South Africa ndi uthenga umenewu, ndipo kunabadwa Apostolic Faith Mission.

Nanga kwathu kuno anaubweretsa ndani? Anali makolo athu omwe, amene anapita kukagwira ntchito kumwera, n'kubwerera ndi Yesu pamodzi ndi sutikesi. M'zaka za m'ma 1930 Robert Chinguwo anabwera ndi Apostolic Faith Mission. M'zaka zomwezo Laiton Kalambule anabwerera kwawo ku Ntcheu, ndipo pamodzi ndi mmishonale Fred Burke anadzala mbewu imene inakula kukhala Assemblies of God. Anthu a m'migodi ya ku Wales anayatsa, ndipo anthu obwerera ku ntchito za kumwera anafika nawo pakhomo.

Ku Wales komweko kunatulukanso mipingo ya Chipentekoste. Mipingo yakale yambiri sinalandire malilime ndi uneneri, ndiye ana a chitsitsimutso ena anatuluka n'kumakumana m'tinyumba tawo. George Jeffreys ndi mkulu wake Stephen anatembenuka mtima mu November 1904 kufupi ndi Maesteg, ndipo George anayambitsa Elim mu 1915. Daniel Powell Williams, wa mumgodi wa ku Penygroes, anatsogolera kuyamba kwa Apostolic Church mu 1916, mpingo umene unakula kwambiri ku Nigeria ndi ku Ghana.

Palinso Rees Howells, nayenso wa mumgodi. Mu 1915 iye ndi mkazi wake anafika ku mishoni ya Rusitu, kum'mawa kwa Zimbabwe kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo kumeneko kunagwa chitsitsimutso. Atabwerera kwawo anatsegula Bible College of Wales mumzinda wa Swansea mu 1924. Pa sukulu imeneyi panadzaphunzira mnyamata wa ku Germany dzina lake Reinhard Bonnke. Iye mwini ankasimba kuti atamaliza maphunziro, akudutsa mu London, anaona dzina la George Jeffreys pa nyumba ina, anagogoda, ndipo nkhalamba ija inamusanjika manja ndi kumupempherera. Jeffreys anamwalira mu January 1962. Bonnke yemweyo ndi amene anadzachititsa msonkhano waukulu ku Blantyre mu 1986. Ine ndinali mwana nthawi imeneyo, koma ndakumana ndi akuluakulu amene amati tsiku lawo lobadwa mwatsopano linali pa msonkhano umenewo. Mwaona mmene chingwe chayendera?

Phulusa

Tsopano ndifike pa gawo lowawa. Evan Roberts sanapitirire. Analalikira usana ndi usiku osapuma, anthu n'kumamutsatira ngati kuti Mzimu Woyera ali m'thumba mwake, ena n'kumamunyoza m'nyuzipepala. Pofika 1906 thupi ndi maganizo zinatopa, ndipo anachoka kukakhala kwa banja lina ku Leicester ku England. Sanabwererenso pa utumiki wa poyera monga kale, ngakhale anakhalabe munthu wa pemphero mpaka imfa yake ku Cardiff mu 1951. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Chitsitsimutso chikatsamira pa munthu mmodzi, chimamuphwanya munthuyo.

Chinanso, m'misonkhano yambiri ya 1904 ndi 1905 kulalikira kunachepa. Kunali kuimba, kupemphera ndi maumboni, zinthu zabwino ndithu, koma kuphunzitsa Mawu kunatsalira m'mbuyo. M'badwo umenewo unapirira chifukwa unakulira mu Sande sukulu, mavesi anali kale m'mutu. Moto unapeza nkhuni zouma zimene makolo anaunjika kwa zaka 300. Koma nkhuni zatsopano zinayamba kuchepa, ndipo ena mwa otembenuka mtima anabwerera m'mbuyo patangopita zaka zochepa.

Kenako kunabwera nkhondo ya 1914 mpaka 1918 imene inapha anyamata zikwizikwi a ku Wales, ndipo ambiri amene anabwerako sanalowenso m'tchalitchi. Kunabwera ulova m'migodi, anthu n'kusamukira ku England. Chiyankhulo chija chinayamba kuchepa mphamvu, popeza kwa nthawi yaitali sukulu zinkakweza Chingerezi, ndipo m'sukulu zina kale mwana ankalangidwa akalankhula chiyankhulo cha kwawo. Ana ambiri anakula osatha kuwerenga Baibulo la agogo awo. Mu 1920 mpingo wa Anglican unasiya kukhala mpingo wa boma ku Wales, chinthu chimene mipingo ina inamenyera zaka zambiri. Anapambana pa ndale, koma mabenchi anapitirira kuchepa anthu.

Pa kalembera wa 2021, anthu a ku Wales amene ananena kuti alibe chipembedzo anali 46.5 pa 100 alionse, pamene amene ananena kuti ndi Akhristu anali 43.6. Nyumba zopemphereramo zambirimbiri zatsekedwa. Zina anazisandutsa nyumba zogona, zina mashopu, zina malo omwera mowa, zina zangogwa. Sindikunena kuti kulibe okhulupirira ayi. Alipo, akupemphera, ndipo ena mwa amene akutsegula mipingo m'mizinda ya Cardiff ndi Swansea lero ndi anthu ochokera ku Africa. Koma dziko limene linkatumiza amishonale lasanduka munda wofuna amishonale. Werengani Oweruza 2:10, muona kuti zoterezi zinachitikanso mu Israeli Yoswa ndi anzake atamwalira: unauka m'badwo wina umene sunadziwe Yehova.

Nanga ife?

Ndikuuzeni chimene chinandichitikira ine mwini. Lamulungu lina pa mpingo umene ndimatumikira, tchalitchi chitadzaza, kwaya itaimba, titavina mpaka fumbi koboo, ndinati, "Amene mwabwera ndi Baibulo, kwezani m'mwamba." Abale anga, Mabaibulo amene anakwezedwa ndinawawerenga ndi zala za manja anga awiriwa. Ndinati mwina ena ali nalo pa foni. Ndinaitana achinyamata kutsogolo, ndinati tipeze buku la Habakuku. Ena anakalifuna ku Chipangano Chatsopano. Mpingo unaseka, inenso ndinaseka, koma nditafika kunyumba nsima sinalowe. Mayi a kunyumba anandifunsa chavuta n'chiyani, ndinati, "Ana awa wawaphunzitsa ndani? Si ine m'busa wawo?" Ndinazindikira kuti ndakhala ndikukonza misonkhano ya usiku wonse mwezi ndi mwezi, kubwereka zokuzira mawu, kuitana alaliki a kutali, koma Sande sukulu ndinaisiyira mtsikana mmodzi pansi pa mtengo, wopanda buku, wopanda choko. Ndinalapa pamaso pa Mulungu.

Musandimve molakwa. Ine ndine wa Chipentekoste, ndimalankhula malilime, ndimakhulupirira machiritso, ndipo ndaona Mulungu akumasula anthu. Moto timaufuna. Koma inu amayi mukudziwa kusiyana kwa moto wa mapesi ndi moto wa chikuni. Wa mapesi umalilima msanga, anthu n'kuuona patali, koma nyemba sizipsa. Wa chikuni umagona usiku wonse, m'mawa mwana n'kungouzira, wayaka.

Ku Wales Mulungu anayamba ndi womasulira Baibulo, kenako mphunzitsi woyenda m'midzi, kenako timagulu ta mlungu ndi mlungu, kenako Sande sukulu, ndipo pamwamba pa zonsezo anagwetsa moto. Ife tikufuna moto wokha. Tayendani kuchoka pa Chimbiya kukafika pa Linthipe, muwerenge zikwangwani za mautumiki. Ndi zambiri, ndipo tiyamike Mulungu. Koma ku Wales nakonso kunali matchalitchi anayi kapena asanu pamudzi umodzi, ndipo kuchuluka kwake sikunawapulumutse. Ena mwa matchalitchi athu sanabadwe chifukwa cha kulalikira kwa otayika, anabadwa chifukwa akulu awiri anakangana pa chopereka. Zoterezi mwana amaziona, ndipo akakula amati zonsezi n'zamalonda.

Chinanso chimene ndikuopa ndi ichi. Tayamba kuchita manyazi ndi Chichewa pa guwa. M'busa akulalikira m'Chingerezi, womasulira n'kumathamangira pambuyo, chonsecho m'tchalitchi monse mulibe mlendo ngakhale mmodzi. Kuphunzira Chingerezi n'kwabwino, ana athu achiphunzire ndithu. Koma munthu amalapa m'chiyankhulo chimene amalirira. Anthu anatha zaka zambiri kuti Mulungu atilankhule m'Chichewa, ndiye tisabweze mphatso imeneyo.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, kwa inu makolo: mukagulitsa soya kapena chimanga pa msika chaka chino, patulani ndalama ya Baibulo la m'nyumba. Mary Jones anasunga zaka zisanu ndi chimodzi, inu simungathe nyengo imodzi? Ndipo likagulidwa lisakhale m'sutikesi. Mukatha kudya madzulo, mwana mmodzi awerenge mutu umodzi mokweza, agogo amene sadziwa kuwerenga amvere nawo. M'mera m'poyamba.

Chachiwiri, kwa inu abusa anzanga: aphunzitsi abwino koposa mu mpingo tiwapereke kwa ana. Titsegule makalasi a akuluakulu amene sadziwa kuwerenga, makamaka m'miyezi ino yokolola itatha, monga anachitira Griffith Jones. Tiphunzitse ena amene adzaphunzitsenso ena, monga Paulo analangizira pa 2 Timoteo 2:2, kuti tsiku limene ife tidzagwe, ntchito isagwe nafe. Ndipo tizipuma. Evan Roberts anali munthu wa Mulungu, koma anali ndi thupi ngati lathu lomweli.

Chachitatu, kwa inu achinyamata: amene Mulungu anawagwiritsa ntchito m'mbiri imeneyi ambiri anali a msinkhu wanu. Mary Jones anali ndi zaka 15. Howell Harris anali ndi zaka 21. Evan Roberts anali ndi 26, wochokera mumgodi, manja okhakhala. Inu amene mukupalasa kabaza, inu amene mukunyamula matumba pa msika, musadziderere. Koma dziwani kuti onsewa anali anthu a Buku moto usanawagwere.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wa Kumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha anthu a ku Wales amene munawagwiritsa ntchito kuti Mawu anu ndi moto wanu zifike mpaka kuno kwathu. Kumbukirani dziko lawo, Ambuye, ndipo uzirani pa makala amene atsala kuti ayakenso. Tikhululukireni ife abusa pamene takonda khamu kuposa kuphunzitsa, ndi pamene tasiya ana athu opanda Mawu. Tipatseni manja otola nkhuni m'mawa uliwonse, kuti adzukulu athu adzapeze guwa likuyakabe pa Chimbiya, m'Dedza monse ndi m'Malawi yense. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Amen.

Mlungu wamawa nthawi ngati yomweyi, Ambuye akalola, tidzatsegula buku la Habakuku lija. Mulipezeretu, ndipo mubwere nalo pafupi ndi wailesi. Mugone bwino, Ambuye akusungeni.